Kuseri kwa Kalilole wa Atsibweni

Mwezi wathawu tinaika chiliza pamanda a atsibweni anga, a Gelesomu, kumudzi kwathu cha ku Dzoole. Abale anati mbiri yawo ndinene ine, poti mwa ana a mlongo wawo amene tatsala wamkulu ndine. Ndinaimirira n'kunena zimene anthu amanena pamanda: kuti anali kalipentala, ntchito anaphunzira ku Mvera, anabereka ana asanu, mowa sankaulawa. Onse anagwedeza mitu, tinaimba nyimbo, tinabalalika. Koma m'basi pobwerera mtima unkandidya, chifukwa mawu amenewo akanakwanira munthu wina aliyense amene anagwirapo sowo. Atsibweni enieniwo sindinawatchule n'komwe.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, pensulo kukhutu ngakhale m'tchalitchi. Ankagwira ntchito pansi pa mthethe m'mphepete mwa msewu, pabenchi lalitali la mlombwa, ndipo kuseri kwa nyumba yawo kunali mulu wa zinthu zimene ena anataya: zitseko zothyoka, matabwa a ngolo zakale, mipini, magoli ong'aluka. Akazi awo, a Nachisale, ankauyang'ana muluwo ndi diso la nkhuni, makamaka m'dzinja, ndipo nkhondo ya m'banjamo inali yomweyo chaka ndi chaka. Atsibweni ankati thabwa silifa, limangosintha ntchito. A Nachisale ankayankha kuti nanga kuphika nyemba si ntchito. Misomali yopindika ankatola paliponse, ngakhale pamaliro, n'kukaiwongola pamwala, ndipo ukawagulira yatsopano ankakufunsa ngati wayamba kulemera.

Ntchito yawo sinkanyozedwa. Tsiku lina mkulu wa mpingo ananena pamsonkhano kuti benchi limene a Gelesomu anakhoma likugwedera. Loweruka atsibweni anapita kutchalitchi ndi khasu ndi chingwe, n'kusalaza pansi pamene pankakhala benchilo, ndipo Lamulungu anam'pempha mkuluyo kuti akhalepo pamaso pa mpingo wonse, adzigwedeze aone. Benchi linali nji. Anthu awiriwo anatha chaka osapatsana moni. Chokhacho chimene chinkawagonjetsa atsibweni chinali maso. Zakutali ankaona bwino, mpaka kuzindikira ng'ombe ya mnzawo ili kutsidya kwa dambo, koma chapafupi chinkangokhala chimbuuzi. Magalasi a m'maso anakanitsitsa, ati kalipentala amaona ndi zala.

Amene anawadziwa m'zaka zawo zitatu zomaliza amakumbuka munthu wina. Amakumbuka mkulu wovala jekete ndi dzuwa la Okutobala, woti galimoto ikamveka kuphiri ankasiya pulena n'kuima chilili, manja ali lende, mpaka fumbi litatha. Amakumbukanso kuti mwezi uliwonse ukamatha ankanyamula kabotolo ka mafuta kupita kwa a Nasoko, amene anali tcheya wa amayi a chipani m'dera lathu. Ena ankati a Gelesomu asanduka kazitape. Ena ankanong'ona kuti paja amuna a Nasoko ali kutali, kuesiteti ku Kasungu. Zonsezo linali bodza, ndipo wodziwa zoona ndinali ine ndekha, chifukwa chimene chinawasandutsa chotero ndi kalilole wanga.

Chaka chimene ndinakwatiwa, amuna anga atamanga kanyumba kathu, ndinazira ndi dothi lakuda m'munsi, loyera m'mwamba, n'kuona kuti khoma la pabalaza likusowabe kanthu. Ndinkalakalaka kalilole wonga amene ankagulitsa ku Mponela, koma mtengo wake sunali wa anthu ngati ife. Atsibweni atamva anatsonya. Anati a m'sitolo aja ndi malata opaka utoto basi, iwo andipangira weniweni popanda kumasula mfundo ya chitenje.

Galasi anakalipeza kwa a Saidi, Msilamu amene anali ndi sitolo pamsika wathu, mnzawo wokangana naye za Mulungu pakapu ya tiyi kuyambira ine ndisanabadwe. Linali la wadiropu yosweka, lobenthuka ngodya imodzi. A Saidi analidula n'kulilungamitsa, atsibweni n'kuwakonzera mashelefu, nkhani inathera pomwepo. Matabwa anasolola pamulu uja, a ngolo yakale, odetsedwa ndi dzuwa, okhala ndi zibowo za misomali. Ine ndinafunsa ngati sawapala kuti ayere. Anandiyang'ana n'kunena kuti zipsera zimenezo ndiye kukongola kwake, wofuna zosalala akagule mbale. Anangowakwecha ndi chibenthu cha botolo ndi mchenga wa kudambo. Ngodya anazisema theka ndi theka kuti zigonane, n'kukhomera zikhomo za nsungwi, ndipo kumbuyo anakumba kamsewu kogonamo galasi. Pomaliza anapaka mafuta a nsatsi osakaniza ndi phula, mtengo uja n'kufiira ngati uchi. Ndinaima pamenepo ndikumwetulira ndekha, ndikuona kale mmene akhalire pakhoma langa.

Panatsala kutseka kumbuyo. Anati pakati pa galasi ndi thabwa lotsekera pamafunika pepala kuti galasi lisamagwedere, ndipo anandituma. Ndinathamangira kunyumba n'kusolola nyuzipepala yakale imene amuna anga anabwera nayo kuchokera ku okushoni ya fodya.

Ana a lero mwina sangamvetse. Masiku amenewo chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chinkapachikidwa m'sitolo iliyonse, ndipo pamwamba pake sipankakhala kanthu, ngakhale wotchi. Nkhope imeneyo ikakhala m'nyuzi, pepalalo sunkakulungira usipa, sunkapichirira fodya, sunkayatsira moto. A Saidi asanakulunge shuga ankayamba adula zithunzi zonse ndi sizasi n'kuzisunga m'bokosi, zitagona bwinobwino. Tinkamva za bambo wina wa kumapiri a Ntchisi amene anamata nyuzi yotere pazenera losweka. Galimoto inabwera, ndipo akazi ake anakolola okha zaka zinayi. Kaya zinali zoona kaya ayi, panalibe wofuna kuyesa.

Atsibweni anapinda nyuzi ija kawiri n'kuiyala kumbuyo kwa galasi. Ndinali chiimire pambali pawo, ndipo ndinaiona: nkhope yonse, chipewa chakuda, maso akutiyang'ana. Kwa iwo chinali chimbuuzi chabe. Misomali inali kale pakamwa pawo, hamala m'manja, ndipo lamulo lawo tonse tinkalidziwa, loti akamakhoma pafupi ndi galasi munthu asatsokomole n'komwe. Komanso mwana wamkazi woleredwa bwino sauza atsibweni ake kuti apa mwalakwitsa. Ndinati ndinena akamaliza. Atamaliza anali akumwetulira, akupukuta galasi ndi malaya awo, ndiye ndinati ndinena mawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Kenako ndinadziuza kuti kalilole akhala m'nyumba mwanga, adzatsegula ndani. Ndinam'pachika, ndipo amayi a m'mudzi ankabwera kudzapempha mchere umene anali nawo kale, n'cholinga choti adzionerepo.

Patatha miyezi isanu kunamveka kuti mtsogoleri adzayendera mbewu m'boma lathu, ndipo amayi tonse tikavine. A Nasoko anafika pakhomo panga m'mawa. Anali mayi wamkulu thupi, wa mawu olemera, woti akakuyang'ana unkayamba kupapasa ngati khadi lako la chipani lilipo.

"Esinati, tibwereke kalilole uja amayi amangire maduku. Tikavine tikuoneka ngati anthu."

Ndikanati chiyani? Ndinam'tsitsa ndekha n'kuwasenzetsa. Gule atatha sanabweze. Anati wakhala bwino pabalaza pawo pamene amayi amasonkhana, m'munsi mwa chithunzi chija, ndipo tsopano ndi katundu wa chipani.

Ndinatha sabata chakudya chisakulowa. Ndinali ndi pakati pa mwana woyamba, anthu n'kumati ndi mimbayo. Kenako ndinapita kumthethe masana, anthu atabalalika, n'kugwada chapatali.

"Atsibweni, m'kalilole muja muli kanthu."

"Kanthu kanji?"

"Nyuzi ija inali ndi nkhope. Ya iwo aja."

Anachotsa pensulo kukhutu, kuiyang'ana, n'kuibwezera. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo bola akanatero.

"Unaona ndi maso ako?"

"Eya."

"Nanga pakamwa unasiya kuti?"

"Munkakhoma, atsibweni."

Misomali isanu ndi itatu inali itaboola m'mphepete mwa pepala limenelo, ndipo panalibe wodziwa kuti uti unalasa pati.

"Amuna ako wawauza?"

"Ayi."

"Usawauze. Likadzafika tsikulo, nyuzi ndinatola ndine, kuika ndinaika ndine, iwe unali kumadzi. Kundende si kochirira mwana. Wamva?"

M'mawa mwake anavala malaya a Lamulungu n'kupita kwa a Nasoko, ine ndikutsatira patali ndi ndowa ngati wopita kuchitsime. Pakhonde panali anyamata a chipani atatu, a malaya ofiira aja. Pakhomopo sipankasowa anthu chifukwa makhadi ankagulitsira pomwepo. Ndinamva ndi makutu angawa munthu amene anasalaza pansi pa tchalitchi pokana kulakwa akunena kuti, "Amayi, ntchito ija ndinaiphonya. Ngodya sizinagwirane, matabwanso ndi ofumbwa. Ndipatseni ndikakonze." Anyamata aja anaseka. A Nasoko anati asavutike kunyamula, mmodzi mwa anyamatawo naye anaphunzirako ukalipentala, atsegula pomwepo aone. Mnyamatayo anali atayamba kale kudzuka. Ine ndowa inandipulumuka. Atsibweni anatsokomola n'kunena kuti ayi, akaganiza bwino kutsegula sikofunika, matenda ake ndi ludzu basi, mtengo wakale umafuna mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo azibwera okha kudzapaka. Umo ndi mmene kabotolo kaja kanayambira.

Ankapaka anthu akuyang'ana, n'kumakhwimitsa zikhomo kuti pasapezeke chifukwa choti wina agwirepo. Mpata wokhala okha ndi kaliloleyo sunapezeke ngakhale tsiku limodzi. Kangapo anapemphanso kuti apite naye kumthethe, koma a Nasoko ankakana, ndipo chaka chachiwiri anayamba kukana mwaukali, ati kalilole sachoka m'nyumba muno. M'chilimwe cha chaka chomwecho atsibweni anabwerako nkhope itachita phulusa. Thabwa lakumbuyo lija linali ndi mfundo chakumphepete. Mfundoyo inali itauma n'kugwa, ndipo pabowopo wina anali atamatapo sopo.

"Alipo amene wasuzumira," anandiuza. "Akungodikira tsiku."

Kuyambira pamenepo jekete silinachoke pathupi, chifukwa ankamva kuti kundende kumazizira ndipo akabwera sakupatsa mpata wobwerera m'nyumba. Minda ya mbumba yawo anatigawira nthawi isanakwane. Ankadya chiimire. Tiyi wa kwa a Saidi anasiya, kuopa kuti tsikulo likadzafika a chipani adzafunsa kumene galasi linachokera, ndipo a Saidi anatumiza mawu kawiri kufunsa chimene analakwa, osayankhidwa. A Nachisale analira, anazaza, anati kalilole ameneyo akudya mafuta kuposa ana a m'nyumba, mpaka nkhani inafika kwa akulu a mpingo. Atsibweni anaimitsidwa mgonero, iwo osatsegula pakamwa kudziteteza. Ndinawapempha nditagwada kuti andilole ndiwauze a Nachisale okha. Anakana. Anati chimene munthu sadziwa sangachiulule ngakhale am'panikize chotani, ndiye masiku ano kumukonda munthu ndi kumubisira. Ine ndinkayamwitsa mwana wanga pakhonde ndikuona munthu akutha chifukwa cha ine. Ndinene zoona, mantha anandikulira moti atakana ndinapumira m'mwamba.

Chifuwa chinawagwira m'dzinja lachitatu. Tinawanyamula pangolo mpaka pamsewu waukulu, kenako palole mpaka kuchipatala cha ku Mtengowanthenga. Anagona masiku asanu ndi anayi. Tsiku lomaliza, a Nachisale atatuluka kukatunga madzi, anandikodola. Ndinkati anena za ana kapena za minda.

"Mwezi ukatha upiteko," anatero. "Kabotolo kali pamtanda wa denga. Usam'tembenuze anthu akuona."

Sanalankhulenso.

Patapita masiku anayi chiikireni maliro, masana anthu ali kumunda kukabandira, ndinaona a Nasoko akubwera okha, atasenza chinthu chokulunga m'chitenje. Ndinati basi, tsiku lija ndi lero. Ndinam'bereka mwana kuti akamanditenga atitengere limodzi. Analowa osaodira, anatseka chitseko, n'kutula katunduyo pamphasa.

"Tenga kalilole wako, mwanawe. Anyamata aja ayamba kunena zoti azikonza okha, poti mwini ntchito wapita."

Ndinangowayang'ana.

"Usandiyang'ane choncho. Ndikudziwa zili m'katimo. Mfundo inagwa ndikusesa, ndinasuzumira. Diso, ndi msomali patsaya."

"Sopo uja munamata ndinu?"

"Nanga ndani? Ndikanauza yani? Chinthu chakhala pakhoma langa chaka chathunthu, amayi onse a chipani akumangirapo maduku. Akanayamba kutenga ine."

"Nanga atsibweni atapempha, bwanji simunawapatse?"

"Kuti akatsegulire pamsewu paja, pamene pamadzaza anthu tsiku lonse? Munthu wosaona bwino uja? Akanaitulutsa n'kuiyanika pabenchi osadziwa kanthu. Ine ndinkawasunga."

"Ankadziwa, amayi. Kuyambira tsiku loyamba lija anabwera kudzanyoza ntchito yawo."

A Nasoko, mayi amene mudzi wonse unkawaopa, anakhala pansi penipeni n'kutambasula miyendo ngati namfedwa. Anati mwezi uliwonse mkuluyo akamatembenuza kalilole, iwo thukuta linkangoti kamukamu, kuopa kuti zala zija zipeza sopoyo n'kuyamba kufunsa pamaso pa anyamata. Anati ndiye kuti anthu awiri akhala akupatsana moni m'chipinda chimodzi, wina kuopa mnzake, pamene liwu limodzi likanathetsa zonse. Kenako anandifunsa kuti nanga liwu limenelo akanaliyamba ndani.

Tinam'tsegulira m'nyumba momwemo ndi mpeni. Misomali inazuka mosavuta, ndipo ntchito yonse sinatenge ngakhale nthawi yophika nkhwani. Pepala linali litachita chikasu. Ndinaliponya pamoto kukhitchini, a Nasoko akulondera pakhomo, n'kusonkhezera zitsononkho mpaka phulusa lake litasakanikirana ndi linzake.

Atachoka, miyendo inanditenga yokha kulowera kumthethe. Ndinkayenda mofulumira, mtima utapepuka koyamba m'zaka zitatu, ndipo ndinali nditadutsa kale pachitsime pamene ndinakumbukira kuti ndikuthamangira kukauza munthu amene tinamuika Lachiwiri. Ulemu wanga ndi umene unadya atsibweni anga. Zimenezo ndinazidziwa nditaima panjirapo, ndipo sindinazikhululukirebe.

Ndinapitirira ndithu. Benchi panalibe, poti matabwa ake ndi amene tinakhomera bokosi. Panatsala maenje anayi a miyendo yake, odzaza madzi a mvula, ndi utuchi wonyowa umene nkhuku zinali zitayamba kupalasa. Pathunthu la mtengo panali zikhomo zokolekapo zida, zonse zopanda kanthu, khungwa litada pamene pankakhudza sowo. Udzu unali utamera ponseponse kupatula pamene ankaponda, moti kanjira kozungulira benchi kankaonekabe, kosalala, kosapita kulikonse. Ndinaima m'kanjirako, mwana kumbuyo, mwaye m'zala, n'kunena mokweza kuti, "Atsibweni, panalibe amene ankabwera."

Kenako ndinacheuka kuona ngati wina wandimva.